Umoyo wa Ana a Sukulu ku Kitwe ndi ku Ndola Masiku Akale

Nkhani ya lero ndi ya ana a sukulu a ku migodi ya mkuwa, makamaka a ku Kitwe ndi ku Ndola, m'zaka za pakati pa 1930 ndi 1970: matenda amene ankawagwira, cakudya cimene ankadya, ndi masewera amene aphunzitsi ankawaseweretsa kuti matupi ao alimbe. Ambiri a ana amenewo lero ndi nkhalamba za imvi, ndipo ena a iwo ali pakati pa omvera. Iwowa akumbukira bwino kulira kwa citsulo ca njanji cimene cinkapacikidwa pa mtengo m'malo mwa belu, ndiponso mizere ya m'mawa m'cisanu ca June, ana ali ciimire pa fumbi opanda nsapato.

Tsiku la sukulu linkayamba pa mzere pomwepo. Mphunzitsi ankayenda pang'ono pang'ono kutsogolo kwa ana, kamtengo kali m'manja, ndipo mwana ali yense ankatambasula manja ace kuti zikhadabo zioneke. Ankayang'ana tsitsi, khosi, kumbuyo kwa makutu, mano ndi mapazi. Wa zikhadabo zakuda ankalawa kamtengo kaja pa zala. Wosasamba ankatumizidwa ku mpope anzace akumseka. Wa mphere, wa cipere kapena wa matekenya ankaimikidwa pambali kuti apite ku cipatala. Zitatha izi kunkadza drilu. Ana ankakweza manja ndi kuwatsitsa, ankawerama ndi kuweramuka, ankalumpha ndi kuguba ngati asilikali, mphunzitsi akupfuula malamulo m'Cingelezi cimene ang'onoang'ono sankacimva, koma ankangotsata miyendo ya akulu. Ena a aphunzitsi a zaka za m'ma 1940 ndi 1950 anali atabwera ku nkhondo, ndipo drilu yao inalidi ya ku perete.

Mwambo umenewu unali ndi mwini wace. Mu 1924 kunabwera nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes la ku America kudzaona masukulu a mamishoni m'Northern Rhodesia, ndipo zinalangiza kuti mwana wa m'Afirika aphunzire za ukhondo, za ulimi ndi masewera pamodzi ndi kuwerenga. Mu 1925 Boma linaika G. C. Latham kukhala mkulu woyamba woyang'anira maphunziro a anthu akuda. Pambuyo pace kunatsegulidwa sukulu ya Jeanes ku Mazabuka, imene inasamukira ku Chalimbana mu 1939, ndipo kumeneko aphunzitsi oyendera ankaphunzira pamodzi ndi akazi ao kakumbidwe ka cimbudzi, kasungidwe ka madzi akumwa ndi kaleredwe ka makanda. Nzeru zimenezi zinali zabwino, koma amene anazikonza anali kulingalira za mwana wa kumudzi, amene atate wace ali ndi munda ndi nkhokwe. Mwana wa ku migodi sanali m'maganizo mwao konse.

Cifukwa cace ncakuti mizinda yeniyeniyo inali yacilendo. Ndola inayamba ngati boma laling'ono mu 1904, ndipo njanji inafika kumeneko mu 1909. Mgodi wa Nkana unayamba kuturutsa mkuwa mu 1932, ndipo tauni ya Kitwe inakhazikitsidwa pambali pace mu 1936. Anthu anakhamukira kumeneko kucokera ku Lubemba, ku Luapula, ku Fort Jameson, ku Nyasaland ndi ku Tanganyika. Boma la Atsamunda linkafuna kuti mwamuna agwire nchito caka cimodzi kapena ziwiri ndi kubwerera kwao, ndipo linkati malo a mwana ndi kumudzi kwa ambuye ace. Panali nyengo imene ana opezeka m'komboni opanda makolo ankakwezedwa pa galimoto ndi kubwezedwa kumudzi. Boma loganiza cotere silifulumira kumanga masukulu m'tauni. Mipingo ingapo ndiyo inagwirizana mu 1936 nipanga United Missions in the Copperbelt, imene likulu lace linali ku Mindolo, ndipo inasenza nchito ya masukulu m'makomboni. Ana anali ocuruka kuposa zipinda, kotero kuti gulu lina linkalowa m'mawa, lina masana pa mabenci omwewo asanazizire. Mwana wa kalaliki wa ku Nyasaland, amene kunyumba ankalankhula Cinyanja, ankaphunzira za ukhondo m'Cibemba.

Tsono funso ndi ili: kodi ncimene cinasunga moyo wa ana amenewa nciani? Wina angayankhe kuti ndi mzere wa m'mawa ndi drilu ija. Koma zolembedwa za ku migodi zionetsa kuti mdani wamkuru wa mwana sanali pa zikhadabo zace. Anali m'dambo.

Dziko la migodi ndi la madambo ambiri, ndipo mvula imagwa kuyambira November kufikira March kapena April. Pamene ankakumba mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya, anthu ankafa ndi malungo, kamwazi ndi cibayo kotero kuti mbiri inawanda m'midzi yakuti mu mtsinje wa Luanshya muli cinjoka cimene cikudya anthu, ndipo anchito ankathawa usiku osalandira ndi malipiro omwe. Eni mgodi anaitana Chirupula Stephenson, Mzungu yemwe uja anayambitsa boma la Ndola, kuti asonkhanitse akulu a Alamba apepese mizimu. Mwambowo unacitika, koma imfa sizinaleke. Pamenepo mu 1929 kampani inapempha nzeru ku Ross Institute ya ku London, ndipo Sir Malcolm Watson, dotolo amene analimbana ndi udzudzu zaka zambiri ku Malaya, anabwera kudzaona yekha. Malangizo ace anali a khasu ndi fosholo. Mtsinje unaongoledwa ndi kucotsedwa zitsamba kuti madzi athamange, ngalande zinakumbidwa kuti madambo aume, mafuta ankathiridwa pa zithaphwi sabata ndi sabata kuti ana a udzudzu alephere kupuma, ndipo madzi akumwa analowa m'mipope. Nchito yomweyo inafika ku Nkana, ku Mufulira ndi ku Nchanga, ndipo nkhondo yaciwiri itatha anaonjeza kupopera mankhwala a DDT m'nyumba. Akatswiri amene anawerenganso mabuku a migodi imeneyi zaka zambiri pambuyo pace anapeza kuti matenda ndi imfa za malungo zinatsika ndi magawo 70 kufikira 95 pa 100 m'zaka zitatu kapena zisanu zokha.

Kampani sinakumbe ngalande cifukwa ca cisoni ndi ana a sukulu. Inafuna kuti mwamuna alowe pansi masiku 30 a tikiti lace osagona m'cipatala. Koma udzudzu susankha, ndipo amene aupha cifukwa ca atate waupheranso mwana. Madotolo a masiku amenewo anali ndi njira yao yodziwira kukula kwa malungo m'dera: ankaimika ana a sukulu pa mzere ndi kupapasa pansi pa nthiti za kumanzere, pakuti kapamba wa mwana wodwaladwala malungo amatupa. Kumene ngalande zinafika, akapamba otupa anacepa.

Apa mpamene panayambira kusiyana kumene mzere wa m'mawa sunathe kukucotsa. M'tauni imodzi munali ana a mitundu itatu. Woyamba ndi mwana wa m'komboni ya mgodi, monga Wusakile, Chamboli kapena Mindolo. Iyeyu anali ndi mpope, ndi cipatala ca mgodi ca ku Wusakile, ndi dzina lace lolembedwa pa kadi la atate wace. Waciwiri ndi mwana wa m'lokeshoni ya tauni, monga Buchi ndi Kamitondo ku Kitwe, kapena Kabushi, Masala ndi Chifubu ku Ndola, amene atate wace ankagwira nchito ku sitolo, ku njanji kapena m'nyumba ya Mzungu. Zace zinkadza ndi thumba la kanselo, ndipo thumba limenelo linkadalira kwambiri phindu la mowa wa ku biyaholo. Wacitatu ndi mwana wa m'misasa ya kunja kwa malire a tauni, wa makontrakitala ndi ootcha makala, amene ankamwa madzi a pa citsime cokumbidwa pafupi ndi cimbudzi, ndipo kawirikawiri analibe ndi malo omwe pa sukulu. Ndola inali ndi bvuto lacelace, pakuti mgodi wace wa Bwana Mkubwa unatsekedwa mu 1931 nukhala wotseka zaka zambiri. Inali tauni ya Boma, ya njanji ndi ya malonda, yopanda kampani yolemera yoilera, ndipo dambo la Itawa ndi mtsinje wa Kafubu zili m'kati mwace mwenimweni.

Ana a Azungu anali ndi dziko lao. Kuyambira 1953 kufikira 1963 masukulu ao anali m'manja mwa Boma la Citaganya, pamene a anthu akuda anatsala ku Boma la Northern Rhodesia. Sukulu ya Llewellin ku Ndola, imene tsopano ichedwa Kansenshi, ndi masukulu a anyamata ndi a asungwana a ku Kitwe anali ndi mabwalo a kapinga wothirira, ndipo ku kalabu ya mgodi kunali dziwe losambira la madzi oyera a mankhwala. Mwana wakuda wofuna kusambira m'kutentha kwa October ankapita ku Kafubu, ku Kafue kapena ku maenje a njerwa, ndipo kumeneko ankatenga likodzo.

Kayendedwe ka nthenda imeneyi nkoyenera kukafotokoza, cifukwa ikadalipo. Wodwala akakodza m'madzi, mazira a kacirombo amaswa, ndipo tiana tace timalowa mwa nkhono zazing'ono za m'madzi odikha. Timakula m'menemo, ndipo tikaturuka timaboola khungu la munthu ali yense wosamba kapena wocapa. Pakapita masabata mwana ayamba kukodza magazi. Anyamata ambiri sankanena kwa munthu, ndipo ena ankayesa kuti ndico cizindikilo ca kukula. Amene anapezeka nayo ankabayidwa jekiseni za mankhwala aukali ochedwa tartar emetic masiku ambiri, zosanzitsa ndi zofooketsa, kotero kuti ena ankathawa asanatsirize. Mapiritsi a praziquantel, amene lero amaperekedwa m'masukulu kamodzi kokha, anafika ca m'ma 1980. Mnzace wa likodzo anali njoka za m'mimba zoyamwa magazi, zimene tiana tace timakhala m'dothi lonyowa pafupi ndi zimbudzi ndi kulowera ku mapazi. Mwana wa njoka zimenezi amayezuka m'maso ndi m'zikhato, amapuma wefuwefu akathamanga pang'ono, ndipo amaodzera m'kalasi. Mphunzitsi wosadziwa ankamucha waulesi namuonjezera drilu. Mankhwala ace enieni anali nsapato, koma nsapato zinali za akulu.

Nkhani ya cakudya inalinso comwechi. M'zaka zoyamba kampani inkapereka phoso kwa wanchito: ufa, nyama, nyemba, nsawa ndi mcere, ndiponso kagawo kocepa ka mkazi wace. Phoso limenelo linayesedwa ndi madotolo kuti likwanire mwamuna wonyamula citsulo, osati banja la ana asanu pamodzi ndi mphwace ndi mlamu amene abwera kudzafuna nchito. Akazi ankalima timinda m'mbali mwa dambo ndi kufulula mowa mobisa kuti mphika usagone. M'zaka za m'ma 1950 phoso linasandulika ndalama, ndipo kuyambira pamenepo njala ya ku migodi inayamba kutsata kalendala: nyama pa sabata la malipiro, nsima ya masamba pa sabata lotsiriza. Ana ambiri a gulu la m'mawa ankafika pa mzere asanalawe kanthu, pakuti sunali mwambo kuphika m'mawa. Sizinali zacilendo kuona mwana akugwa pa drilu, anzace namnyamula kumka naye pa mthunzi. Nkhalamba za ku Wusakile ndi Chamboli zikumbukira ndi cimwemwe kampompo, banzi lolemera limene wa pansi pa mgodi ankalandira ku nchito. Atate ambiri sankalidya, koma ankalisunga m'thumba kuti akagawire ana. Zikumbukiranso senta, utsi wa sufule wocokera ku ng'anjo ya Nkana, umene mphepo ikatembenuka unkatsikira pa komboni. Unkaluma m'maso ndi pa mmero, unkaumitsa masamba a ndiwo, ndipo mpira unkaima kufikira utapita. Mwana wa mgodi anapulumuka ku udzudzu, koma cifuwa cace cinalipira.

Kunena za masewera enieni, sukulu inalibe zambiri. Mpira wacikopa unali umodzi, wosungidwa m'kabati ya mphunzitsi wamkuru kudikira tsiku la mpikisano, ndipo tsiku lalikuru la mijaha linali Empire Day, pa 24 May. Masiku ena onse anyamata ankamenya mpira wansanza m'mipata ya nyumba kufikira mdima. Amene anasula akatswiri ndi maholo a welofeya. Makampani anaona kuti mnyamata wosowa cocita ndiye amaponya miyala, makamaka zitacitika zipolowe za mu 1935 ndi 1940, ndipo anamanga maholo, mabwalo ndi makalabu a anyamata, nalemba anthu a malipiro oti aziphunzitsa mpira, nkhonya ndi liwiro. Colinga cao cinali bata la m'komboni, koma zipatso zinapitirira colingaco. Samuel Ndhlovu, wochedwa Zoom, anabadwira ku Luanshya mu 1937 nachuka ndi Mufulira Wanderers. Godfrey Chitalu anabadwira ku Luanshya komweko mu 1947, anakulira m'mpira wa sukulu ndi wa makalabu a anyamata, nasewera ku Kitwe United asanapite ku Kabwe Warriors, kumene anamwetsa zigoli 107 m'caka ca 1972; anthu anamucha Ucar, dzina la mabatire a wailesi osatha msanga. Lottie Mwale anabadwira ku Kitwe mu 1952, ndipo anatenga mendulo ya golidi ya nkhonya ku Christchurch mu 1974. Pamene ligi ya dziko lonse yosasankha khungu inayamba mu 1962, oyamba kuipambana anali Roan United, timu ya mgodi.

Kuti mapazi osabvala angathe kupambana, dziko linali litaona kale. Mu December 1958 Yotham Muleya, mnyamata wa ku Choma wophunzira za magalimoto ku Hodgson mu Lusaka, analoledwa monyinyirika kuthamanga ndi Azungu ku Salisbury, ndipo anapambana Gordon Pirie wa ku England pa mtunda wa mamailosi atatu, m'matope, wopanda nsapato. Anamwalira caka cotsatira pa ngozi ya galimoto ku America. Aphunzitsi ambiri anachula dzina lace pa mizere ya m'mawa.

Asungwana sanalandire gawo lofanana. Pa sukulu ankasewera mpira wamanja, ndipo kunyumba phada ndi ciyato, mwana ali kumbuyo. Ku holo ya welofeya ankawaitanira kusoka ndi kuphika, pamene alongo ao ankapatsidwa jezi. Ambiri ankaleka sukulu asanafike Standard IV, ndipo palibe angadziwe kuti ndi othamanga angati amene anathera pa mtondo ndi pa mpope.

Pali cinthu cimodzi coonetsa kuti phunziro la ukhondo linalowadi m'mitima, ngakhale linalowera khomo lina. Katswiri wina wa za cikhalidwe, J. Clyde Mitchell, anapenyerera gule wa kalela ku Luanshya nalemba buku lace mu 1956. Obvina anali anyamata a nchito zonyozeka, koma pa Sabata masana ankabvala mathalauzi ositidwa ndi nsapato zopukutidwa. M'gulu mwao munali wina wobvala mkanjo woyera wa mtanda wofiira ngati dotolo, ndi mkazi mmodzi wobvala ngati nesi, amene ankayenda pakati pa obvina ndi kalilole ndi kansaru kuti ali yense adzione ngati ali waudongo. Mzere wa m'mawa unali utasanduka gule, ndipo kamtengo kaja kanalibe malo.

Ufulu utabwera mu 1964, masukulu onse anatsegukira ana a mitundu yonse, ndipo mwana wa ku Chimwemwe anaponda kapinga amene kale ankangomuonera pa mpanda. Dr. Kenneth Kaunda analonjeza kuti Mzambia ali yense adzadya dzira tsiku ndi tsiku ndi kubvala nsapato, mau amene ena anawaseka, koma amene dotolo ali yense wa njoka za m'mimba akanawabvomereza. Mu 1967 kunakhazikitsidwa bungwe la National Food and Nutrition Commission. Mliri wa nthomba umene unasautsa dziko mu 1963 ndi 1964 unagonjetsedwa ndi katemera, ndipo ana a sukulu ankaima pa mzere womwe uja, dzanja la malaya litapindidwa. Cipsera cace cikali pa mikono ya ambiri, ngakhale nthendayo inalengezedwa kuti yatha pa dziko lonse lapansi mu 1980. Ku Ndola kunatsegulidwa cipatala ca ana ca Arthur Davison, ndipo mu 1975 kunayamba nyumba yofufuza matenda a m'maiko otentha, Tropical Diseases Research Centre.

Komabe muzu wa zonsezi unali mtengo wa mkuwa. Boma linatenga magawo 51 pa 100 a migodi kuyambira 1970, ndipo mu 1982 makampani anaphatikizidwa kukhala ZCCM, imene inapitiriza kulera makomboni, zipatala ndi matimu. M'manja mwace munakulira Kalusha Bwalya wa ku Mufulira, wosewera woposa onse m'Afirika mu 1988, ndi Samuel Matete wa ku Chingola, amene anapambana dziko lonse pa liwiro lolumpha mipiringidzo la mamita 400 ku Tokyo mu 1991. Koma mtengo wa mkuwa unali utagwa kale mu 1975, ndipo ndalama zinkacepa caka ndi caka. Ngalande zinadzala mcenga, opopera analeka kuyenda, ndipo m'zaka za m'ma 1980 kacirombo ka malungo kanayamba kupirira chloroquine. Pamene kugulitsa kwa migodi kunatsirizika mu 2000, eni atsopano anagula mkuwa, ndipo maholo, maiwe osambira ndi mabwalo ambiri anatsala opanda mwini. Ena anamera chire, ena anadulidwa mapuloti. M'caka comweco ca 2000 kampani ya Konkola Copper Mines, poona anchito ace akugona ndi malungo, inayambanso kupopera nyumba ku Chingola ndi ku Chililabombwe, ndipo malungo anatsikanso monga anatsikira masiku a Watson, kwa anchito ndi kwa ana ao a sukulu omwe.